Timachubu Timene a Mawa Anaiwala

Lamlungu, 23 Marichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi Amayi. Kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Musadabwe kuona pepala m'malo mwa foni. Papita masabata awiri ndi masiku atatu chindidulireni foni ndili pakati pa mawu, ndipo ndikudziwa kuti mukuyesa ndakwiya. Sindinakwiye ayi. Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha mawu aja, koma kuti mumvetse, mundilole ndiyambire patali. Pafoni mukanati, "Fupikitsa, iwe," pamene nkhaniyi siifupika.

Mumauza anthu kuti mng'ono wanu anapita kukoleji kukaphunzira kuweta tizilombo. Simunama kwenikweni. Chamoyo chilichonse, ngakhale mabakiteriya, chili ndi ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo pa ulusiwo panalembedwa malangizo a moyo wake. Ulusiwu umawonongeka tsiku ndi tsiku, ndi dzuwa, ndi poizoni, ndi mankhwala. Koma mabakiteriya ali ndi amisiri awoawo otchedwa maenzaimu, amene amayenda pa ulusiwo, akapeza chilembo chowonongeka n'kuchidula kuti paikidwe chabwino. N'chifukwa chake ena amavuta kufa. Ife kuno kulabu, m'chipinda chathu chofufuzira, timatenga malangizo opangira enzaimu imodzi yotere kuchokera kwa bakiteriya woopsa, n'kuwaika mwa bakiteriya wofatsa, amene timamuweta m'mabotolo a msuzi wachikasu. Wofatsayo ndiye amatipangira enzaimuyo. Ntchito yanga ndi kukolola mabakiteriyawo, kuwaphwanya, kusefa, kusefanso, m'chipinda chozizira nditavala majuzi awiri. Pakatha masabata atatu ndi theka ndimatuluka ndi timadzi toyera tosadzaza sipuni ya tiyi. Ndachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkanyadira kuti sindinatayepo ngakhale dontho.

Mu Novembala ndinaphika ina, ndipo inatuluka yamphamvu kuposa zonse zimene ndinapangapo. Ndinaigawa m'timachubu makumi asanu ndi limodzi, kalikonse kakang'ono kuposa nsonga ya chala, ndi kadontho kamodzi m'kati. Tambiri ndinatiika m'bokosi la buluu, bokosilo n'kuliika m'firiji yathu yaikulu imene imazizira mpaka madigiri makumi asanu ndi atatu kunsi kwa ziro. Enzaimu ikauma gwa imakhala zaka. Koma ikasungunuka n'kuumanso, kusungunuka n'kuumanso, imafooka mpaka kufa. Aliyense amadziwa. Pachitseko cha firijiyo pali pepala lolembedwa ndi inki yofiira: "Chosungunuka sichibwereramo." Analemba ndine.

Enzaimuyi ndinaphikira mayi wina amene akuphunzira za udokotala wa kafukufuku. Tonse timangomutchula kuti amake mapasa, chifukwa ali ndi tiana tiwiri ta zaka zitatu, ndipo m'thumba la chikhotho chake choyera mumapezeka sokosi ya mwana pamodzi ndi zolembera. Iye anali ndi mitundu khumi ndi isanu ndi itatu ya mankhwala, ndipo ankafuna kuona ngati alipo amene angamange manja enzaimuyi, kuti bakiteriya woopsa uja alephere kudzikonza. Wakhala pa ntchitoyi zaka zinayi. Akuluakulu a sukulu anamuwonjezera nthawi kawiri, n'kunena kuti kachitatu kulibe: buku lake lifike Lachisanu lapitali, apo ayi zaka zinayizo zapita ndi mphepo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Timasakaniza enzaimu ndi kaulusi ka DNA kowonongeka, kenako makina amatipatsa chithunzi cha mizere iwiri. Mzere wam'mwamba ndi ulusi wathunthu, wam'munsi ndi woduka. Wam'munsi ukada, ndiye kuti enzaimu yagwira ntchito. Ukazilala, ndiye kuti china chake chaiimitsa. Lamulo ndi loti poyesa mankhwala alionse, pambali pake uyesenso enzaimu yokhayokha, kuti udziwe ngati ikadali ndi moyo.

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga koyamba, Achemwali. Bokosi la buluu ndinkalisunga ndekha, ndipo amake mapasa akabwera kudzapempha ndinkayamba ndatsegula buku langa. "Mwatenga kale kamodzi sabata ino. Kachiwiri n'kachiyaninso?" Anatopa nane. Kuti asamandipemphe pafupipafupi, anasiya kuyesa enzaimu yokhayokha, n'kumangoyerekeza zithunzi zake ndi chithunzi cha mwezi woyamba. Sanandiuze, ndipo inenso ndinangosangalala kuti timachubu tikutha pang'onopang'ono.

Mankhwala oyambirira sanaonetse zambiri. Koma atafika cha ku nambala 14, mzere wam'munsi unayamba kuzilala. Pa nambala 16 unangotsala ngati utsi. Pa nambala 18 unasoweratu. Lachisanu lomaliza la Febuluwale Apulofesa, amene amatiyang'anira tonse, anagula mabisiketi bokosi lathunthu, ndipo amake mapasa anavina pakati pa matebulo atavala magolovesi. Anandikumbatira, nati, "Anti, enzaimu yanu yandipulumutsa!"

Mukundidziwa. Ine anthu akamaseka kwambiri, mtima wanga umayamba kufunafuna pamene padontha. Chimene chinandivuta n'choti mankhwalawo ankachita bwino motsatana ndi manambala awo, ngati ana amene akhoza mayeso motsatira kutalika. Masana omwewo ndinatenga kachubu kamodzi n'kuyesa enzaimu yokhayokha, popanda mankhwala. Mzere wam'munsi kunalibe. Ndinabwera Loweruka n'kuyesanso ndi kachubu kena. Chimodzimodzi. Si mankhwala amene anaiimitsa, Achemwali. Enzaimu yanga inali itafa, ndipo tinadyera mabisiketi maliro ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinakhala chete masiku asanu ndi limodzi. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, koma ndichisiya momwemo. Ndinkadziuza kuti sindinganene ndisanadziwe chifukwa chake. Zoona zake n'zoti ndinkaopa. Amake mapasa ankadutsa pafupi ndi tebulo langa akuimba, akulemba mutu womaliza wa buku lake, ine n'kumangowerama. Ndinafufuza chilichonse. Ndinayesa madzi, ndinayesa mchere, ndinafunsa amagetsi ngati firiji inazimapo. Ndinawerenga buku langa tsamba ndi tsamba. Kuzizira kwa firiji ndinali nditalemba katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi poweruka, miyezi inayi yathunthu, ndipo panalibe tsiku limene inatenthako. Chilichonse chinali m'malo mwake, koma enzaimu itafa.

Masiku amenewo ndi amene ndinakusowetsani mtendere. Mtima ukasowa pogwira umagwira chimene chili pafupi, ndiye ine ndinagwira mapiritsi a Amayi. Lachinayi lija, pa nthawi ya nkhomaliro, inali foni yachitatu tsiku limenelo. Ndinafunsa ngati amwa woyera uja, ngati mwawerenga otsala, ngati botolo mwalitseka. Inu munapumira m'mwamba, ndipo ndikukumbukira mawu anu onse.

"Mwatseka, iwe! Amayi ndikukhala nawo ndine, zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ndipo sanafe. Chogwirira cha chitseko cha Bambo chija sichinathyoledwe ndi mbava ayi. Unathyola ndiwe, poona ngati chatsekeka!"

Munadula foni.

Dzina limenelo palibe ananditchulapo chimwalirireni Bambo. Ndinakumbukira chitseko chobiriwira chija, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikupita kusukulu, ndikubwerera kuchokera pampanda kukachigwedeza kachinayi, inu mukukuwa kuti tichedwa. Ndinakumbukira tsiku limene chinatsalira m'manja mwanga, Bambo atachitenga n'kuchitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Chabwino, mbava zapuma. Ntchito yawo wagwira mwana wanga."

Ndinapukuta misozi n'kubwerera kulabu. Inali nthawi yolemba kuzizira kwa masana, ndiye miyendo inanditengera yokha ku firiji. Ndinatsegula, ndinalemba nambala. Kenako ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse osaziganizira. Ndinatulutsa bokosi la buluu kuti ndiwerenge timachubu. Tinkakhala titakutidwa ndi chisanu, zolemba osaoneka, ndiye ndinanyamula kamodzi n'kukapukuta ndi chala chachikulu kuti ndione deti. Ndinakakweza kuwindo. Achemwali, kadontho kam'kati kanayenda.

Ndinangoti kakasi, firiji ili yasa, alamu yake ikulira. Kadontho kakang'ono chotero sikachedwa kusungunuka, ndipo kutentha kwa chala kumadutsa golovesi. Kalikonse ndinkakanyamula, kukapukuta, kukawerenga, kukabwezera. Katatu pa tsiku, miyezi inayi, pansi pa pepala la inki yofiira lolemba ine ndemwe. Sindinkaziona ngati kusungunula. Ine ndinkati ndikungoyang'ana.

Kutacha Lachisanu ndinapita ndi kalata yosiya ntchito m'chikwama. Ndinapempha Apulofesa ndi amake mapasa kuti tikumane m'kachipinda komwera tiyi. Ndinayala zithunzi zanga ziwiri patebulo, ndinaika buku langa pambali, n'kunena zonse, ngakhale za masiku asanu ndi limodzi aja. Apulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi taye. Amake mapasa anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali.

"Munadziwa liti?" anafunsa.

"Tsiku la mabisiketi."

"Ndiye ine ndimalemba mutu wonse uja inu mukundiyang'ana?"

"Pepani, mwana wanga."

"Musanditchule mwana wanu. Pepani sapoletsa chilonda. Kwatsala masiku khumi ndi anayi, Anti. Enzaimu ina mungaphike masiku angati?"

"Makumi awiri ndi asanu."

Sanalire. Anangotulutsa kasokosi kaja m'thumba n'kumakapotokola m'manja. Bola akanandimenya.

Tili chomwecho kunalowa bambo wina amene ndiyenera kukufotokozerani, chifukwa ndakhala ndikumudandaula kwa inu zaka zambiri osamutchula bwino. Ndi mnzanga wa ntchito, wosamala makina, ndipo timamutchula kuti a Mawa chifukwa chilichonse amati achita mawa. Tebulo lawo limaoneka ngati padutsa kamvuluvulu. Mabotolo awo salemba maina, amajambulapo nsomba kapena njinga. Ndinawanenezapo kawiri kwa Apulofesa, iwo n'kundipatsa dzina loti apolisi a firiji. Analowa akutafuna, kapu ili m'manja, n'kutiyang'ana tonse atatu.

"Kodi maliro ndi a ndani? Bwanji osauzana, ndikanavala jekete."

Apulofesa anawafotokozera mwachidule. A Mawa anasiya kutafuna. Ine maso anga anali pa buku, chifukwa ndinalibe kwina koyang'ana, ndipo linali lotsegula pa tsamba la Novembala. Pamenepo ndinaona mzere wolemba ndekha: timachubu makumi asanu m'bokosi la buluu, khumi kwa a Mawa. Anali atandipempha kuti ayesere makina atsopano, ine n'kuwapatsa mtima ukuwawa.

"A Mawa," ndinatero, "timachubu khumi tija munatigwiritsa ntchito?"

"Titi?"

"Ta Novembala. Munati muyesera makina."

Anakanda m'mutu. "Aa, tija! Apolisi, musandimange. Ndinati ndiyesa mawa."

Tinathamangira ku firiji tonse anayi, Apulofesa magalasi ali m'manja. M'kabati yapansi penipeni, kuseri kwa mabokosi a ophunzira amene anachoka kalekale, munali kajumbo kojambulidwa nsomba, katamatirira ku ayezi. Ndinkakadziwa kajumbo kameneko. Ndinali nditakamatapo kapepala kawiri konse kuti kakapanda kulembedwa dzina ndikataya. Chinandiletsa n'choti sinditha kutaya chinthu ndisanadziwe kuti n'chiyani, komanso ndinkanyansidwa kukatsegula. Chiikireni mu Novembala, palibe anakakhudza m'kati.

Ndinatambasula dzanja, a Mawa n'kulimenya pang'ono.

"Manja kumbuyo, apolisi. Lero mkaidi ndinu."

Anakumba okha ndi supuni yachitsulo, natulutsa kachubu kamodzi ndi chopanira, n'kukaika pa ayezi. Amake mapasa anayesa yekha, osandiyang'ana. Maola atatu amene tinadikira makina aja ndinakhala pampando manja ali kumbuyo zenizeni. Chithunzi chitatuluka, mzere wam'munsi unali wakuda bii, wonenepa ngati wolemba ndi khala. A Mawa anakuwa, "Mwaona? Ulesi ndi luso, anthu inu simudziwa!" Apulofesa anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinapita kuchimbudzi kukalira.

Timachubu tinatsala tisanu ndi tinayi, mankhwala khumi ndi asanu ndi atatu, masiku khumi ndi anayi. Apa ndiye mantha anga anagwirako ntchito yabwino. Ndinakhala pansi ndi pensulo n'kugawa kadontho kalikonse, kuti mankhwala onse ayesedwe katatu, ndipo tsiku lililonse pakhale kuyesa kwa enzaimu yokhayokha. Ndinapereka pepalalo kwa amake mapasa. Analiwerenga, nati, "Zikwana," n'kutembenuka. Masiku khumi otsatira tinagwira ntchito tebulo limodzi. Ine ndinkakonza madzi ndi mchere, kutsuka, kulemba. Enzaimu ankatulutsa a Mawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sananene kuti mawa. Amake mapasa ankandilankhula mawu antchito okhaokha: "Patseni icho. Chotsani apa." Ndinkawalandira ngati mphatso.

Nambala 18, amene tinawavinira aja, alibe ntchito ngakhale pang'ono. Chimodzimodzi 16 ndi 17. Koma nambala 5, amene anawayesa kalekale enzaimu ikadali yamphamvu n'kuwaona ngati osasangalatsa, amaifooketsa ndi theka, ndipo anatero katatu konse. Si chozizwitsa, sichingalembedwe m'nyuzi. Apulofesa anayang'ana zithunzi zitatuzo nati, "N'chaching'ono, koma sichidzatichititsa manyazi." Anatiuzanso kuti buku lija likanapita ndi nambala 18, anthu a kwina akanayesa n'kupeza kuti n'zabodza, ndipo dzina la amake mapasa likanada moyo wake wonse.

Kalata yanga yosiya ntchito ndinaiperekabe. Apulofesa anaiwerenga ataimirira, nandibwezera.

"Mwalemba bwino, palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Nanga enzaimu ina atiphikira ndani, a Mawa? Tidzadikira mpaka ana a mapasa aja adzakwatire. Pitani mukayambe Lolemba. Koma kiyi wa firiji mumpatse mnzanuyo."

Ndinampatsa. Tsopano kuzizira kumalembedwa kamodzi pa tsiku, pa kawindo ka manambala kamene kali kunja kwa chitseko, osatsegula. Kanalipo nthawi yonseyi, ine ndinkangoti sindingakakhulupirire.

Lachisanu lapitali, cha m'ma leveni koloko, amake mapasa anapereka buku lake. Pobwera anaima patebulo langa ndi kope lina, natsegula tsamba lothokoza anthu, n'kuloza ndi chala. Anathokoza amuna ake, ana ake, Apulofesa. Anathokoza a Mawa "chifukwa choiwala." Pamapeto panali mzere uwu: "Ndi Anti, amene anapita kukayesa pamene tonsefe tinali kuvina."

Ndinati, "Koma ndine ndinaipha."

"Ndikudziwa," anatero. "Ndipo masiku asanu ndi limodzi aja sindinawaiwale. Koma mukanangokhala chete mpaka kalekale, ndani akanadziwa? Inenso ndinasiya lamulo poopa nkhope yanu. Tonse tili ndi mlandu." Kenako anafunsa ngati ndingabwere kwawo Loweruka likudzali kudzaona mapasa, koma ndisawawerenge zala.

Ndiye Achemwali, muone anthu amene Mulungu anandizungulira nawo. Munthu amene ndinamuneneza kawiri ndiye anandipulumutsa. Amene ndinamulakwira wandilemba m'buku lake. Ndipo inu, amene munangofuna kuti ndikusiyeni mudye nkhomaliro yanu mumtendere, munandiuza m'mawu ochepa chimene ndinachisowa m'masamba mazana awiri a buku langa. Zikomo chifukwa chondikalipira. Zikomo chifukwa cha zaka zisanu ndi ziwiri zimene mwadzuka ndi Amayi, kuwasambitsa, kuwapirira akamakutchulani dzina langa, ine ndili kutali kuno ndikufunsa za chivindikiro cha botolo. Sindinanenepo zikomo ameneyu. Ndinkayesa kuti mafunso anga ndi thandizo. Tsopano ndaona zimene chala changa chimachita.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, ngati chogwirira chija chikadali m'chitini cha misomali cha Bambo, munditumizire, ndikufuna ndichiike patebulo langa. Lachiwiri, mundilole ndibwere mwezi wa mawa enzaimu yatsopano ikapsa, ndidzakhale ndi Amayi sabata imodzi, inu ndi alamu mupite kulikonse kumene mukufuna. Mudzandionetse kamodzi mmene mumachitira, ndipo ndidzachita momwemo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti wailesi yawo imene ndinati ndiitumiza kokonzetsa ndinaitumizadi, sindinatengere a Mawa. Bondo lanu lija muzilipumitsa. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti Mwatseka akubwera. Akapanda kukumbukira dzina langa lenileni, limeneli mwina alikumbukira n'kuseka. Za mapiritsi awo sindifunsa. Ndikudziwa kuti amwa.

Foni ndidzaimba Lamlungu lokha, ndipo mudzayambe kulankhula ndinu. Kalatayi sindinaiwerengenso. Ngati muli zolakwika, zikhale momwemo. Envelopu ndiimata kamodzi, ndiiponya, ndipo sindibwerera kukagwedeza bokosi la positi.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Mwatseka